KWANU NKWANU: MAU KWA OBWERA KU NCHITO YA MULUNGU KUNJA NDI KWA ABALE AO

Awerengi athu a pa cilumba ca Chisi, a ku Kachulu, ndi inu nonse okhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, sabata ino tayamba taika pambali za mbeu ndi za nsomba kuti tikambirane nkhani ina imene igwa m'midzi yambiri, koma anthu saikamba poyera. Nkhaniyi ndi ya mwana wa pamudzi amene anatumidwa ndi mpingo wace, kapena ndi akuru a Cisilamu, kukagwira nchito ya Mulungu ku dziko lina, ndipo atatha kumeneko zaka khumi kapena makumi awiri, wabwera kwao kudzakhala.

Tsiku lofika liri lokoma, ndipo palibe munthu afuna kulangizidwa za tsiku limenelo. Bwato likakoceza padoko amai aliza nthungululu, ana alimbirana katundu, tambala aphedwa, ndipo anthu aceza mpaka usiku. Koma phwando likhala la tsiku limodzi. Bvuto liyamba mwezi waciwiri, pamene odzaceza aleka kubwera, ufa wa alendo watha, ndipo munthu uja adzuka m'mawa nakhala pakhonde wosadziwa cocita. Ali pakati pa abale ace eni-eni, koma mtima wace uli ngati wa mlendo.

Cifukwa cace nciani? Wobwerayo ayesa kuti adzapeza mudzi womwe uja anausiya. A pamudzi naonso ayesa kuti alandira munthu yemwe uja anawatsazika. Onsewo anyengedwa, pakuti mudzi wasintha, munthunso wasintha. Akapanda kudziwa ici msanga pabuka madandaulo, ndipo ena amanganso katundu wao nabwerera kunja, osadzaonekanso ngakhale pa maliro a mai ao.

SI NKHANI YA LERO

Dziko lathu linalandira a Mishoni, koma silinacedwe kutumiza ana ace kunja. Mishoni ya Blantyre inayamba m'caka ca 1876, ndipo ya Domasi, pafupi ndi ife pano, m'caka ca 1884. Zisanathe zaka makumi atatu, aphunzitsi ndi alaliki a dziko lino anali ataoloka kale malire. David Kaunda anatumidwa ndi Mishoni ya Livingstonia kwa Abemba ku Chinsali m'caka ca 1904; sanabwere kudzakhala kwao, ndipo mwana wace Kenneth ndiye anakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia. Wansembe Leonard Kamungu wa mpingo wa Anglican anapita ku Msoro, ku dziko lomwelo, namwalira komweko m'caka ca 1913. A Mishoni ya Dutch Reformed, imene lero ndi Sinodi ya Nkhoma, anayamba nchito ku Salisbury, kumene tsopano tichula Harare, m'caka ca 1912, potsata anthu athu amene anapita kukafuna ndalama.

Makono ulendowo sunathe. Alipo abusa athu ku Harare, ku Lusaka ndi ku Johannesburg. Alipo ansembe ndi asisiteri m'maiko ena a Africa ndi ku Ulaya. Aliponso anyamata amene anapita kutali kukaphunzira Cisilamu, natsala komweko kuphunzitsa. Ambiri a iwo tsiku lina adzabwera. Tsono tiyeni tione za anthu awiri ochuka a kuno kumwera amene anapita nabweranso, kuti tiphunzirepo kanthu.

DOTOLO MALEKEBU WA KU CHIRADZULU

Daniel Malekebu anali mmodzi wa ana oyamba a sukulu ya Mbusa John Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, pa Mishoni imene anthu aichula P.I.M. Pamenepo panali mphunzitsi wa ku Amereka, Mai Emma DeLaney. Maiwo atabwerera kwao m'caka ca 1905, mnyamatayo anawatsata. Anayenda pansi kufikira ku Beira, napeza nchito m'sitima ya pamadzi, mpaka anafika ku Amereka. Kumeneko anaphunzira za Mau a Mulungu ndi za mankhwala, ndipo m'caka ca 1917 anatsiriza maphunziro a udotolo pa sukulu ya Meharry mu mzinda wa Nashville. Ndiye munthu woyamba wa dziko lino kufika pamenepo. M'caka ca 1919 anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo koma wokulira ku Amereka.

Tsono tamverani za kubwera kwace. Iye ali kunja, m'mwezi wa January 1915 kunabuka nkhondo ya Chilembwe. Chilembwe anaphedwa, Boma la Atsamunda linagumula chalichi ca ku Mbombwe, ndipo Mishoni inatsekedwa. Pamene Malekebu ndi mkazi wace anafika m'caka ca 1921, Boma linawakaniza kulowa, poopa kuti munthu wophunzira ku Amereka angautsenso zomwe zija. Taganizani! Munthu wayenda masabata ambiri panyanja, wafika pakhomo pa dziko lace, ndipo auzidwa kuti abwerere. Koma sanataye mtima, ndipo sanakhale manja lende. Anapita ku Cape Town, pambuyo pace ku Liberia, kumene anagwira nchito ya Mishoni pa sukulu ya Ricks. Cilolezo cinadza patapita zaka zisanu, nalowa m'caka ca 1926, atakhala kunja zaka ngati makumi awiri.

Kodi anapeza ciani? Mphunzitsi wace kunalibe. Chalichi cinali cogumuka. Mwa anthu a mpingo ena anaphedwa, ena anamangidwa, ena anathawira kwa Apwitikizi. Koma anapeza cinthu cimodzi coposa njerwa: Akristu akale amene kwa zaka 11 anasunga cikhulupiriro cao m'midzi, popanda Mishoni, popanda belu. Ndiwo anapempha kuti nchito itsegulidwenso. Malekebu, ngakhale anali ndi mapepala a udotolo, sakadatha kanthu popanda anthu amenewa, cifukwa ndiwo anadziwa amene anatsala ndi kumene anali. Pamodzi nao anautsa sukulu ndi cipatala, namanga chalichi cacikuru ca New Jerusalem cimene ciri ciimire ku Mbombwe. M'caka ca 1929 anayambitsanso bungwe la anthu a m'boma la Chiradzulu lofikitsa madandaulo ao ku Boma. Anamwalira m'caka ca 1978.

Phunziro loyamba ndi ili: wobwera adza ndi nkhuni, koma otsala ndiwo anasunga moto. Wonyoza otsala adzagona ndi nkhuni zace pozizira.

BAMBO BANDAWE NDI ALOMWE

Waciwiri ndi Lewis Mataka Bandawe, Mlomwe wophunzira pa Mishoni ya Blantyre. M'caka ca 1913 Mishoniyo inatsegula nchito ku Mihecani, m'dziko la Alomwe kwa Apwitikizi, kum'mawa kutali kuseri kwa nyanja yathu ino, ndipo Bandawe anatumidwa kumeneko. Anakhalako zaka 15 akuphunzitsa ndi kulalikira, ndipo nthawi zina, Azungu a Mishoni kulibe, nchito yonse inali m'manja mwace. Anagwiranso nchito yaikuru yomasulira Cipangano Catsopano m'Cilomwe.

Anabwera kuno m'caka ca 1928. Udindo wa ku Mihecani unatsala ku Mihecani, sanautenge m'thumba. Koma luso limene analinola kumeneko, la kutembenuza mau a cinenero cina kunka m'cinzace, linabwera naye. Analowa nchito ku bwalo lalikuru la milandu ku Blantyre, kumene anamasulira mau a anthu kwa oweruza zaka zambiri. Ndipo poona umo Alomwe anzace anali kunyozedwa, m'caka ca 1943 anatsogolera bungwe la Alomwe, limene linapempha Boma kuti lileke dzina lacipongwe lija anali kuwachula nalo, ndi kulemba dzina lao leni-leni. Boma linabvomera. Inu Alomwe a m'mbali mwa Chilwa mudya zipatso za nchito imeneyo kufikira lero. Mbiri ya moyo wace inasindikizidwa m'buku m'caka ca 1971.

Phunziro laciwiri ndi ili: mpando utsala kumene munaupeza, koma luso liyenda ndi mwini wace. Wobwera asalire mpando umene anausiya kunja, koma adzifunse kuti, "Kodi ndadza ndi luso lanji limene mudzi uno ulisowa?"

MUDZI SUDIKIRA MUNTHU

Tsopano tilankhule ndi inu amene mwabwera, kapena muli pafupi kubwera. Mudziwa bwino kuti kuno ngakhale nyanja siikhala pamodzi-modzi. Inaphwa m'caka ca 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anaona mabwato ali cigonere pa matope ouma. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'maboma a Zomba, Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu. Ngati munali kunja zaka zimenezo, abale anu anaona ndi maso mabvuto amene inu munangomva m'kalata kapena pa lamya. Cifukwa cace musafulumire kufunsa kuti, "Bwanji nyumba iyi simunaikonze?" Yambani mwafunsa umo anapulumukira.

Coyamba ca zonse ndi maliro. Musanakambe za munda kapena za nyumba, pemphani amalume anu akuperekezeni khomo ndi khomo kumene kunagwa maliro inu kulibe, kuti mukapepese, ndipo akupemphereni kwa mfumu kuti mukaone manda a abale anu. Munthu amene walalikira kwa mitundu ina zaka makumi awiri, koma walephera kukhala pamphasa ndi anamfedwa a pamudzi pace, anthu sadzamvera ulaliki wace.

Caciwiri ndi mfumu. Pitani kwa a nyakwawa mwaulemu monga mwa mwambo, osadikira kuti iwo adze kwa inu, kuti dzina lanu lilowenso m'kaundula wa mudzi. Kapena mudzapeza kuti mfumu imene munaisiya inamwalira, ndipo walowa ufumu ndi mnyamata amene munasewera naye. Mpatseni ulemu wa mfumu.

Cacitatu ndi munda. Kuno kwathu, kwa Anyanja, Alomwe ndi Ayao omwe, munda uyenda ndi mbumba, ndipo mwamuna alima kwa mkazi wace monga mkamwini. Munda umene munausiya sunagone zaka zonsezi. Mwini mbumba anaupereka kwa mbale wina, ndipo iye wabzalamo mitengo, wathiramo manyowa, nadyetsa nao ana ace. Kuulanda cifukwa cakuti "unali wanga" ndiko kuyamba ndeu imene siidzatha. Khalani pansi ndi mwini mbumba ndi mfumu, ndipo landirani ngakhale kandime kakang'ono caka coyamba. Anthu acuruka, koma malo sacuruka.

Cacinai ndi ndalama. Mitengo ya zinthu imene muli nayo m'mutu ndi ya caka cimene munacoka. Kwacha inacepa mphamvu kwambiri mu 2012 ndiponso mu 2023, kotero kuti ndalama zimene muyesa zidzamanga nyumba kapena zidzagula malata okha. Funsani mitengo ya simenti, malata ndi feteleza ku Zomba musanalonjeze munthu kanthu. Musanacoke kunjako, funsani akuru amene anakutumani ngati pali penshoni kapena thandizo la ulendo, ndipo alembe pa pepala. Dziwaninso kuti kuyambira caka ca 2017 nzika iri yonse ya zaka 16 ndi kuposa iyenera kukhala ndi citupa ca unzika. Popanda ico mudzabvutika ku banki, pogula nambala ya lamya ya m'manja, ndi pa zinthu zambiri za Boma. Pitani ku ofesi ya Bwana D.C. msanga.

Cacisanu ndi lilime. Dr. Kamuzu Banda atatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, analankhula kwa anthu m'Cingerezi, wina namasulira. Ngati cinenero cithawa munthu wotere, inunso cingakuthaweni. Musacite manyazi ana akaseka kalankhulidwe kanu. Sekani nao, ndipo afunseni mau amene mwaiwala. Koma musathire Cingerezi kapena Cizulu pa mau ali onse pabwalo, pakuti anthu adzayesa kuti mulikudzitukumula.

MKAZI NDI ANA

Ngati mkazi wanu anatsala, dziwani kuti zaka zonsezi iye ndiye anali bambo ndi mai yemwe panyumbapo. Ndiye anagulitsa mpunga, analipira za sukulu, anafuna anthu ofolera denga, nanyamula mwana wodwala usiku kunka naye kucipatala pabwato. Musafike ndi kulanda makiyi, ndi kuyamba kuwerenga matumba m'nyumba. Mfunseni umo ayendetsera zinthu, ndipo mthokozeni pamaso pa ana. Ana amene munawasiya akukwawa tsopano ali ndi ndebvu. Sadzakuzolowerani tsiku limodzi, ndipo mukayamba ndi ndodo ndi malamulo mudzawataya. Pitani nao kumunda ndi kunyanja, akuonetseni zimene adziwa. Pakabuka kusamvana m'banja itanani ankhoswe msanga, nkhani isanafike pa citsime.

Ngati munapita ndi banja lonse, bvuto litembenuka. Ana obadwira ku Harare kapena ku Joni kwao nkomweko, ndipo kuno ndiwo alendo eni-eni. Sadziwa kupalasa bwato, sadziwa kusinja, ena sadziwa ngakhale kugwada popereka madzi kwa akuru. Inu agogo ndi azakhali, musawachule aulesi kapena azungu. Aphunzitseni modekha monga muphunzitsa mwana wamng'ono, pakuti si iwo anasankha kubadwira kunja. Kumbukirani kuti Mai Flora Malekebu anafika ku Chiradzulu ali mlendo wa dziko lina, koma anakhala zaka zambiri akutumikira amai ndi ana a kumeneko.

Ansembe ndi asisiteri alibe banja, ndipo mpingo udzawapatsa pokhala. Koma pakhomo pa mai ao afuna kulandiridwa monga ana, osati monga thumba la ndalama. Asisiteri ndi ansembe a m'zipani analumbira kusakhala ndi cuma cao-cao. Galimoto imene mwawaona nayo siiri yao.

KU CHALICHI NDI KU MZIKITI

Apa ndipo pagona bvuto lalikuru. Kunja munali mtsogoleri. Munakhala kutsogolo, ndipo anthu anaimirira inu polowa. Kuno mupeza mbusa wina, shehe wina, akuru a mpingo ena, kapena anyamata amene inu nomwe munawaphunzitsa kugwira coko. Nyimbo zina nzatsopano, macitidwe ena asintha. Kukhala pa benchi la pambuyo kuwawa, inde, koma khalanipo. Perekani kalata ya kumene mwacokera kwa akuru, ndipo dikirani akuitaneni. Mau akuti "kumene ndinali ticita cakuti" muwasunge kufikira wina atafunsa. Mipingo yambiri yagawanika cifukwa ca munthu amene sanathe kukhala pansi pa mnzace, natenga anthu khumi kukayamba wace pansi pa mlambe. Pambuyo pace abale a mimba imodzi aleka kupatsana moni.

Ndiponso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja Akristu ndi Asilamu akoka khoka limodzi, akwera bwato limodzi, nalirana maliro. Ngati kumene munali anthu adana cifukwa ca cipembedzo, udani umenewo muusiye komweko. Suli mphatso yobwera nayo kwanu.

Inu akuru a mpingo ndi a mzikiti, nanunso musamuope munthu wotere ngati wadza kudzalanda mpando. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu mpatseni nchito: kuphunzitsa kalasi kapena madrasa, kuyendera odwala, kulemba mabuku a cuma, kapena kuphunzitsa akuru kuwerenga. Khasu losagwira nchito licita dzimbiri.

SAMALANI THUPI

Anthu ambiri sadziwa kuti munthu akakhala zaka zambiri ku dziko lopanda malungo, mphamvu ya thupi lace yolimbana ndi nthendayi icepa. Motero wobwera ku Cape Town kapena ku Ulaya angadwale koopsa kuposa mbale wace amene sanacoke. Gonani m'masikito kuyambira usiku woyamba, ndipo thupi likatentha pitani kucipatala tsiku lomwelo kukapimitsa magazi. Madzi a m'nyanja ali ndi likodzo, ndipo kolera yabvuta asodzi a pa Chilwa kawiri-kawiri. Imwani madzi a pa mjigo, kapena owiritsa, kapena othira mankhwala. Ngati mumwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, bwerani ndi kalata ya dotolo ndi mankhwala a miyezi ingapo, pakuti cipatala cacikuru ca Zomba ciri kutali.

Palinso nthenda ina yosaoneka. Munthu apukwa anthu amene anawasiya kunja, amene anapemphera nao, anakwatitsa ana ao, naika akufa ao. Akhala cete, tulo osabwera, nsima osaikhumba. Si ufiti umenewu, ndiponso sikunyoza kwao iai. Ndi cisoni ca kusiyana, conga ca maliro. Mankhwala ace ndi nchito ya manja, bwenzi lomvetsera, ndi kulemberana ndi a kunjawo. Koma cikapitirira miyezi yambiri, kapena munthuyo akayamba kunena kuti watopa nao moyo, musamseke; mperekezeni kucipatala.

KWA INU A PAMUDZI

Makolo athu anazolowera obwera ku Wenela ndi ku Halale, amene anatsika ndi njinga, sutikesi ya zobvala, wailesi ndi makina osokera. Wa nchito ya Mulungu sali wotero. Kawiri-kawiri m'bokosi lace lolemera lija muli mabuku. Malipiro a mlaliki ngocepa kuli konse. Mukafola pakhomo pace m'mawa uli wonse, wina afuna fizi, wina ukonde, wina malata, mudzamcititsa manyazi, ndipo adzayamba kubisala, kapena kukongola ndalama kuti akukondweretseni.

Kunena zoona, caka coyamba ndinu muyenera kumthandiza iye. Mbwerekeni khasu. Mgawireni mbeu ya cimanga, ya mpunga ndi ya nandolo. Tumani anyamata amthandize kuumba njerwa. Muuzeni malamulo a padoko, miyezi imene makoka aletsedwa ndi maukonde amene saloledwa, kuti angagwidwe mosadziwa. Dzina lakuti mchona mulisiye, pakuti iye sanataike, anacita kutumidwa. Ndipo madzulo mfunseni za kumene anali: alima bwanji, asunga bwanji mbeu, ana ao aphunzira bwanji. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Uyu ndi mlendo wanu-wanu, ndipo kalumo kace kadzatsala pamudzi.

NYENGO YABWINO YOBWERA

Ngati muli ndi ufulu wosankha, bwerani m'masika, mwezi wa May kapena June, pamene nkhokwe ziri ndi cakudya ndipo mseu wa ku Kachulu uli wouma. Wofika mu January kapena February apeza abale ali pa njala, ndipo pakamwa pace pangoonjeza bvuto. Wofika m'masika ali ndi nthawi youmba ndi kuocha njerwa m'cilimwe, kusosa ndi kupanga mizere mwezi wa October usanathe, ndi kubzala ndi mvula yoyamba. Pofika April adya cimanga ca m'munda mwace, ndipo tsiku limenelo ndilo tsiku lace lofika leni-leni. Musanene kuti "kwathu kwandikana" musanaone dzinja limodzi ndi masika amodzi.

Asodzi adziwa kuti nyanja ikaphwa, madzi abwera msanga ndi mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, koma matemba ndi makumba acedwa. Ayamba aswana kumene mitsinje ithira m'nyanja, ndipo papita nyengo mabwato asanadzalenso. Cimodzi-modzi munthu: thupi lifika tsiku limodzi, mtima utsata pambuyo. Wobwera adekhe, olandira adekhenso. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Inu odziwa kuwerenga, werengerani anzanu nkhani iyi pabwalo, kapena poturuka m'chalichi ndi mu mzikiti. Ndipo ngati muli ndi mbale amene ali pa nchito yotere kunja, mlembereni sabata ino, mumuuze zoona za pamudzi: amene anamwalira, amene anabadwa, amene alima munda uja, ndi mtengo wa malata. Akadziwa izi asananyamuke, adzafika ali wokonzeka, ndipo inu ndi iye mudzapewa ndeu zambiri.